Ndinawasamutsira Nyumba Bambo Muhiwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha azakhali anga, omwe sawodzera zilengezo zikamawerengedwa m'tchalitchi. Lamulungu lina anandiimbira foni kuti kabungwe kena kakufuna munthu woyang'anira chipinda cha makompyuta ku Domasi. N'kuti nditatha chaka ndi theka ndili pakhomo kwathu ku Chiradzulu, satifiketi ya zamakompyuta ikungogona m'sutikesi. Ndinalemba kalata, anandiitana, ndipo patatha milungu iwiri ndinatsika minibasi pa Domasi ndi chikwama chimodzi ndi mbaula.

Chipindacho chinali kuseri kwa holo ya mpingo. Munali makompyuta akale asanu ndi atatu, pulinta imodzi, ndi kabati momwe ndinapezamo burashi yochotsera fumbi, mafulashi awiri ndi hadi disiki yapadera yosungira mafayilo. Makompyuta onsewo ankayendera Linux, sisitimu yaulere imene aliyense angathe kuitenga, kuigawa kapena kuisintha. Abwana anga, a Kachingwe, ankakhala ku Blantyre ndipo ankangobwera kamodzi pa mwezi.

Ndinayamba ntchito nthawi ya dzinja, anthu onse ali m'minda ya mpunga. Ndinkatsegula m'mawa, kupukuta fumbi, kuyatsa makompyuta, kenako n'kukhala pansi kumamvetsera tizimafani tikulira. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu, kupatula "zikomo" kwa mayi ogulitsa tomato pamsewu. Kumjigo azimayi ankandipatsa moni bwinobwino, koma macheza akakoma ankalowa m'Chiyao, ine n'kumangosekerera osamva kanthu.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankajomba. Bambo Muhiwa ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, wapansi, kuchokera kumudzi kwawo kwa Malemia, atavala jekete ndi chipewa ngakhale kutenthe bwanji. Anali kalaliki wopuma ntchito, ndipo zala zawo zinazolowera makina otayipira akale aja. Ankalemba mbiri ya makolo awo, momwe anachokera ku Mozambique, midzi imene anagonamo, ndi mayina a amene anatsala m'njira. Ankakhala pa kompyuta ya pawindo, n'kutayipa mwachangu, mutu uli chilili, osayang'ana kiyibodi. Sankakonda kuthandizidwa. Koma akamaliza ankakhala pang'ono n'kundifunsa, "Achemwali, kumudzi akuti bwanji?" Funso limenelo ndinkalidikira sabata yonse.

Mwezi wachinayi ndili pantchito a Kachingwe anandiimbira. "Mtundu watsopano wa sisitimu watuluka. Wakalewo sulandiranso zokonza za chitetezo. Ikani watsopano m'makompyuta onse, koma musataye fayilo ya munthu ngakhale imodzi."

Ndinasangalala, poti aka kanali koyamba kugwira ntchito imene ndinaphunzira. Netiweki ya kwathuko inali yofooka, choncho ndinakwera minibasi kupita m'tauni ya Zomba kukatenga fayilo ya sisitimuyo pa intaneti. Itatha kulowa, ndinayerekeza nambala yake yotsimikizira ndi imene inalembedwa pa tsamba lomwe ndinaitenga, kuti ndidziwe kuti sinaduke panjira. Ndinailemba mu fulashi ndi pulogalamu yopangira fulashi yoyatsira kompyuta.

Loweruka ndinadzitsekera m'chipindamo. Kompyuta iliyonse ndinkayamba ndi kukopera mafayilo a anthu mu hadi disiki yapadera ija, n'kutsegula angapo kuti ndione ngati akopeka bwino. Kenako ndinkasomeka fulashi, kuyatsa, kudina batani la F12 mobwerezabwereza mpaka itandifunsa poyambira, n'kusankha fulashiyo. Ndinkayamba ndayesa sisitimuyo osaiika, kuti ndione ngati mawu, mausi ndi pulinta zikugwira. Zikatheka ndinkasankha chinenero, mtundu wa kiyibodi, nthawi ya Blantyre, n'kulola kuti ifufute disiki yonse. Pomaliza ndinkalemba dzina ndi pasiwedi, n'kumapemphera kuti magetsi asazime. Sanazime. Pofika Lolemba madzulo onse asanu ndi atatu anali atatheka, mafayilo onse atabwerera m'malo mwake.

Zatsopano zinali zambiri. Makompyuta ankayaka msanga. Pulinta inadziwika yokha, pomwe kale ndinkachita kuinyengerera. Munthu ankatha kungolemba zilembo ziwiri, pulogalamu imene akufuna n'kutulukira. Tizithunzi ta mapulogalamu tinachoka pakona ya pamwamba kupita pamzere wa pansi, tili tating'ono, tosalala. Panalinso maonekedwe akuda, zilembo zotuwa pa sikirini yakuda, ndipo ndinawakonda kwambiri moti ndinawaika paliponse.

Lachiwiri bambo Muhiwa anafika nthawi yawo. Anavula chipewa, anakhala pa kompyuta ya pawindo, ine n'kuima kumbuyo kwawo mtima uli dyokodyoko ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Bambo, lero mwapeza zatsopano. Taonani apa, mukangolemba dzina la pulogalamu ikubwera yokha. Mukuona?"

"Ndikuona," anayankha.

Dzanja lawo linakankha mausi mpaka pakona ya pamwamba kumanzere, n'kutsika pang'ono, n'kudina kawiri. Palibe chinachitika. Anabwerezanso, malo omwewo. Kachitatu anadina mwamphamvu, ndipo panatseguka zinthu zina zosiyana.

"Si pamenepo ayi, bambo. Pano zili pansipa. Apa, pomwe ndalozapa."

Anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, n'kuibwezanso msanga. Mausi inayendayenda pansipo ngati nkhuku yosowa khomo la khola, n'kudutsa kachithunzi komwe ndinkalozako kawiri konse. Ine ndinapitiriza kulankhula za kuthamanga kwa kompyuta, za chitetezo, za pulinta. Kenako ndinachita chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinagwira dzanja lawo pamwamba pa mausi n'kulikokera pamalopo, ndikuseka, n'kunena kuti, "N'zosavuta izi, ngakhale ana a pulayimale angathe."

Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. "Zolemba zanga zilipo?"

"Zonse zilipo, bambo. Sindinataye ngakhale tsamba limodzi."

"Mwachita bwino." Anaimirira n'kuvala chipewa. Ali pakhomo anati, "Koma achemwali, mwandisamutsira nyumba ine ndili kumunda."

Sanandifunse za kumudzi. Ndinatsala ndekha ndi makompyuta asanu ndi atatu owala bwino, opanda wokhalapo. Madzulo a Kachingwe anaimba kufunsa momwe zayendera, ndipo nditawauza kuti palibe fayilo yatayika anati, "Ntchito yabwino." Ndinayankha kuti zikomo.

Lachisanu sanabwere. Lachiwiri lotsatira sanabwerenso. Ndinkangoyang'ana panjira ya kumtunda, ndikudziuza kuti akuluakulu sakonda zatsopano, basi. Sabata yachitatu ndinatseka chipinda masana n'kuyamba kufunsa njira ya kwawo. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga m'lichero. Ndinaodira ndili pafupi ndithu, koma anayang'ana cha kumbali kwanga n'kufunsa, "Ndani?"

Nditatchula dzina anaitanitsa mpando. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula ndi za mpunga. Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga aja. Iwo anapitiriza kutong'ola kwa kanthawi.

"Maso awa ali ndi ng'ala," anatero. "Chaka chachiwiri tsopano. Ana anga sakudziwa kuti zafika pati, chifukwa akadziwa andiletsa kuyenda ndekha. Pakompyuta paja sindinkaona kanthu kwenikweni. Dzanja ndi limene linkadziwa njira: pakona, kutsika pang'ono, kudina kawiri. Pakatuluka choyera ndinkadziwa kuti pepala langa lafika, zala n'kuyamba ntchito. Tsiku lija choyeracho sichinabwere. Kunali mdima wokhawokha, inu mukuti taonani, taonani."

Miyezi inayi ndinakhala nawo chipinda chimodzi, ndikudandaula kuti palibe amene amandiona, pomwe ine sindinaone kuti munthu yekhayo amene ankabwera kwa ine saona.

"Mwafika pati ndi mbiri ija?" ndinafunsa.

"Makolo angowoloka kumene mtsinje wa Ruo. Amayi anga sanabadwe n'komwe."

Ndinawapempha kuti abwere kamodzi kokha. Mawa lake ndinalowa mbali ya sisitimu yothandiza anthu ovutika kuona, imene ndinaidumpha tsiku loika lija poganiza kuti ilibe ntchito. Mu mtundu watsopanowu inali itakonzedwa bwino kuposa kale. Pa kompyuta ya pawindo ndinachotsa maonekedwe akuda aja, ndinakulitsa zilembo, ndinakulitsa kamuvi ka mausi mpaka kukula ngati chala. Fayilo yawo ndinaibwezera pakona ya pamwamba kumanzere, ndipo ndinakonza kuti mabatani awiri akadinidwa limodzi, izitseguka yokha. Pa mabataniwo ndinamatapo tizidutswa ta tepi kuti chala chizitimva.

Anabwera Lachisanu. Ndinakhala pambali, manja ndili nawo pamiyendo. Anapapasa kiyibodi, anapeza tepi ija, anadina, ndipo sikirini inayera. Anapumira m'mwamba. Ndinawayatsiranso pulogalamu yowerenga mokweza zimene zalembedwa. Inayamba kutchula mayina a Chilomwe ndi lilime la Chingerezi, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. "Muzimitseni mzungu ameneyu, akundiphera makolo kachiwiri. Muziwerenga ndinu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawawerengera ndime yomaliza asanayambe kutayipa, ndi kuwauza pamene zala zaphonya mzere. Tinapeza masamba atatu athunthu amene anatayipa zala zitasuntha, osawerengeka n'komwe, ndipo anawalembanso. Kontirakiti yanga itatsala mwezi umodzi kuti ithe, tinasindikiza mbiri yonse pa pulinta ija. Anaiika m'thumba la pulasitiki, mkati mwa jekete. Sabata imeneyo anauza mwana wawo wamkazi za maso aja, ndipo ndinamva kuti anawatengera kuchipatala. Sindinaonane nawonso.

Pano ndimagwira ntchito ku Blantyre, ndipo makompyuta amene ndaikamo sisitimu sindingawawerenge. Mafayilo ndimakoperabe mosamala monga anandiuzira a Kachingwe. Koma ndisanasomeke fulashi, ndimakoka mpando n'kupempha mwini kompyuta kuti agwire ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ine ndili chete. Ena amadabwa, amati ndikuchedwetsa ntchito. Ndimawasiya adabwe. Ndimayang'ana kumene dzanja lawo likupita, chifukwa zimenezo sizikopeka mu hadi disiki.