Mapilisi Ofiila a Ezelina

Amene ankadutsa pa basi ku Nyimba zaka za m'mbuyomu ayenela kuti anamuonapo Ezelina, mayi wamfupi wosenza beseni la nthochi, wothamangila mazenela basi isanaime n'komwe. Anabwela kuchokela ku Mozambique ali kamtsikana, pothawa nkhondo ndi bambo ake a Joaquim. Nkhondo itatha anzawo anakwela malole kubwelela kwawo, koma a Joaquim anati munda wawo uli kuno tsopano. Ezelina anakulila ku Ndake, nakwatiwa ndi Whiteson Lungu, mlimi wa thonje.

Mimba yoyamba inamuzunza. Magazi anamuchepela, m'manja munayela mbee, ndipo akangosenza chidebe ankachita chizungulile. Mapilisi ofiila owonjezela magazi amene ankalandila ku sikelo ankawataya kuseli kwa nkhokwe, chifukwa ankamuchititsa nselu. Mwana anabadwa masiku asanakwane, nakhala masiku atatu okha.

Mu 2004 atakhalanso ndi pakati, anatsimikiza mtima kuti sataya ngakhale pilisi limodzi. Nthawiyo timasitolo ta mankhwala tinali titachuluka m'tauni. M'mawa ankamwa la kuchipatala, masana awili ogula yekha, n'kuwonjezapo mankhwala a m'botolo amene wogulitsa anati ndi opatsa magazi. Sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake.

Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi anayamba ludzu losatha. Ankakodza pafupipafupi, moti basi zina zinkafika n'kunyamuka iye ali kuchimbudzi. Namwino wa ku sikelo, Sista Christabel Daka, anamubaya pachala, nayang'ana zotsatila kwa kanthawi.

"Amai Lungu, magazi muli nawo okwanila bwino. Koma shuga wakwela. Kunyumba mukumwa chiyani?"

Ezelina anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa mapilisi ogula aja.

"Ndinaopa, Sista. Ndinaika kale mwana m'manda chifukwa chotaya amenewa."

Sista Daka sanamukalipile. Anakoka mpando, nakhala naye pafupi.

"Sindinganene kuti ndi awa akweza shuga wanu. Shuga wa pamimba amagwila ngakhale mayi amene sanamwepo pilisi. Koma ofufuza ena akukayikila kuti mankhwalawa akapyola muyeso mwa munthu amene ali kale ndi magazi okwanila, angathandizile kuti shuga akwele. Ogulawa siyani lelo lomwe. Muzimwa okhawo amene ine ndakupimilani."

"Nanga mwanayu akhala?"

"Mtima wake ukugunda bwino. Bwelani mumve nokha."

Chovuta kwambili chinali chakudya. Nthochi zakupsa zotsala pa malonda, zimene ankadya pofuna kuti zisaole, anayamba kugawila anansi. Tiyi wa masipuni atatu a shuga anatha, thobwa nalonso. M'mbale munachuluka nyemba ndi ndiwo zamasamba monga chibwabwa ndi bondwe. Whiteson anati sangamwe zotsekemela mkazi wake akuyang'ana, ndiye nayenso ankamwa tiyi wopanda shuga atakwinya nkhope, Ezelina akuseka. Milungu iwili iliyonse Whiteson ankamukweza pa njinga kukapimitsa, ndipo pa zitunda onse ankatsika n'kuyenda pang'onopang'ono.

Ezelina anachilila kuchipatala, monga Sista anamulangizila. Anabadwa mtsikana wonenepa, wa mawu aakulu, ndipo anamutcha Tiwonge. Patapita milungu isanu ndi umodzi, shuga wa Ezelina anali atatsika.

Kuyambila pamenepo, tsiku la sikelo ankasiya malonda n'kukakhala pa benchi ndi amayi apakati. Sankaphunzitsa ngati namwino. Ankangofunsa, "Mapilisi anu mumamwa, kapena mumabisa?" Ambili anali obisa, ndipo ankawauza kuti azimwa atadya kuti nselu ichepe. Owelengeka anali owonjezela ngati iye, ndipo amenewo ankawapelekeza yekha kwa Sista.

Sista anali atamuchenjeza kuti shuga angadzabwelenso atakula, choncho ankapimitsa chaka chilichonse. Anabweladi, chaka chimene Tiwonge ankalemba mayeso a giledi 12, koma anamupeza msanga. Ezelina amamwa mankhwala ake m'mawa uliwonse, ndipo pano ali ndi tebulo lakelake pamsika.