Mchere wa M'zala za Selestina

Tsiku limene Selestina anatuluka m'chipinda cha mayeso a kemisitiri, anzake onse ankakambirana za mitundu. Wina ankati ufa woyamba unayaka mobiriwira, wina ankati wachiwiri unafiira ngati njerwa. 

Funso linali loti atole ufa uliwonse ndi kawaya, auike pa lawi la moto, ndipo atchule chitsulo chimene chili mu ufawo poona mtundu wa lawilo. Koma kwa Selestina ufa wonse unayaka chikasu chokhachokha. Paliponse analemba yankho limodzi: sodiyamu.

Zotsatira zitatuluka, kemisitiri inali itamugwetsa, ndipo khomo la sukulu ya unamwino, kumene mtima wake unali, linatsekeka.

Selestina anali mwana wamasiye. Ankadzilipirira sukulu pogulitsa mtedza wokazinga wamchere kwa okwera minibasi pa Manjawira. Sukulu yake inalibe labu yoyeseramo za sayansi, moti mitundu yonse ya malawi anaiphunzira pa bolodi, yolembedwa ndi choko choyera. Atalephera, anangodziweruza yekha kuti maso ake ndi olakwika, apo ayi mutu womwewo.

Mayi Nazira, mwini kalesitilanti ka pamsewu pomwepo, anamulemba ntchito yophika. Mayiwa anali okalipa pakamwa, koma mtima wawo unali wina.

Tsiku lina masana, Selestina akuthira mchere m'nyemba, timchere tina tinagwera pa lawi labuluu la chitofu cha gasi. Lawi lija linasanduka chikasu, chikasu chomwe chija cha pa mayeso. Anayang'ana zala zake, nanyambitako chimodzi. Apo m'pamene anakumbukira. M'mawa wa tsiku la mayeso analongedza mtedza m'timapepala, kenako n'kuthamangira ku mayeso osasamba m'manja. Kawaya kaja anakapeza kopindika, ndipo anakawongola ndi zala zomwezo. Mu mchere muli sodiyamu, ndipo chikasu chake chimaphimba mitundu ina yonse.

Anakhala pansi misozi ili chuchuchu.

"Iwe, wapsa kodi?" anafunsa Mayi Nazira.

"Ayi mayi, sindinapse. Si maso anga aja. Unali mchere wa m'zala zangazi!"

Atawafotokozera zonse, mayiwo anapukusa mutu.

"Ine za sodiyamu zakozo sindizidziwa. Koma ngati chinakugwetsa ndi mchere, mchere umachoka ndi madzi. Makasitomala akachepa, mbali iyi ya chitofu ndi yako. Ukalembenso, wamva?"

Gasi ndi wodula, aliyense amadziwa, koma Mayi Nazira sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

Selestina anayamba kutolera zoyesera. Waya wa kopa wa m'wailesi yakutha unamupatsa lawi lobiriwira. Choko chonyika m'madzi a mandimu chinamupatsa kufiira kwa njerwa, chizindikiro cha kalisiyamu. Anyamata oitanira minibasi akasuzumira kukhitchini ankamuseka. "Asing'anga a pa gasi, tiombezereni ngati lero tidzaze!" Iye ankangoseka nawo n'kupitiriza.

Chimene chinamuzunza ndi potaziyamu. Anamva kuti amapezeka m'chidulo, madzi a phulusa ophikira therere, koma akayesa, chikasu chija chimatulukiranso ngati mlendo wosaitanidwa. Anatsala pang'ono kugwa ulesi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaphunzira kusamba m'manja kaye, kutsuka kawaya, n'kukawotcha mpaka lawi litakhala labuluu lopanda mtundu wina. Tsiku lina lawi linaonetsa mtundu wofooka wa duwa la mbatata, chizindikiro cha potaziyamu. Anakuwa mpaka Mayi Nazira anathamangira kukhitchini poganiza kuti gasi waphulika.

Chaka chotsatira analowanso m'chipinda cha mayeso, m'manja mukununkhira sopo. Anatsuka kawaya, anakawotcha, natola ufa woyamba. Lawi linayaka mobiriwira. Selestina anapumira m'mwamba, nathokoza Mulungu chamumtima.

Lero ndi namwino pa chipatala china ku Bwanje. Akamadutsa pa Manjawira sapitirira, amatsika ndithu, atanyamula kathumba ka mpunga. Amagwada pamaso pa Mayi Nazira ndi yunifolomu yake yoyerayo.

"Mayi, mukanapanda inu, bwenzi mpaka lero ndikuti ndine mbuli."

"Dzuka iwe, udetsa diresi," amayankha mayiwo, uku akupukuta m'maso ndi mpango. "Ine ndinangokubwereka moto."

Inu amene munagwa mayeso n'kudzitcha mbuli, yambani mwafufuza chimene chinakugwetsani. Mwina si mutu wanu ayi, mwina ndi kanthu kakang'ono kochoka ndi madzi ndi sopo. Ndipo wina akakubwerekani moto wake, musadzamuiwale. Sambani m'manja, mukayesenso. Osataya mtima.