Mbaula ya ku Joni ndi maso a bambo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene bwana amene ndinkamulondera ku Area 12 anandiuza kuti akusamuka, ndipo kumene akupitako mlonda aliko kale. Bambo ndinawapeza pamalo pawo, kuseri kwa Msika wa Tsoka, akukhoma zidebe monga ankachitira chibadwire changa. Nditawauza, sanasiye kukhoma. Anangoti maso awo ayamba kuchita chifunga, ndipo akanakonda wina akanakhala pafupi n'kumawayezera malata. Ine ndinati ndalama za ku Joni ndizo zidzachiritse masowo. Amayi anali atatisiya kale, choncho amene anandiperekeza kudepoti ndi mlongo wanga Esinati, yemwe nthawi imeneyo ankaphunzira zosokasoka ku Area 2.

Ku Joni ndinayamba ndi maganyu, kugona kwake mothinana ndi anthu osawadziwa. Loweruka ena akamapita kokasangalala, ine ndinkangokhala pamatilesi kuyang'ana foni. Amene ananditola ndi a Yusufu, bambo wa ku Old Town konkuno, amene anali ndi shedi yowotcherera mageti. Poyamba ndinkangowanyamulira zitsulo. Tsiku lina anandigubuduzira mgolo wakale.

"Upange mbaula yowotchera nyama," anatero. "Ikaima yosagwedera, ndiyamba kukupatsa mageti."

Mgolowo ndinayamba ndautsuka mafuta kuopa moto, kenako ndinaudula pakati m'litali ndi galayinda, makina odulira zitsulo. Miyendo ndinadula pa zitsulo zotsala. Kuwotcherera ndiye kunandionetsa zakuda. Rodi yowotcherera inkangokakamira pachitsulo, ndikaikoka n'kusiya zinthu zonga zitosi za nkhuku. Moto wa makina owotcherera ndinaukweza kwambiri mpaka ndinaboola mgolo malo angapo. A Yusufu anandionetsa kuti umayamba wagwiriza timadontho m'makona, n'kuyeza, kenako ndiye kuwotcherera zonse. Mwendo umodzi unafupikabe, ndinachita kuulumikiza. Pansi ndinaboola mabowo a mpweya ndi phulusa, pamwamba n'kuyala waya wokhuthala wogonekapo nyama.

Chisoti choteteza maso powotcherera chinkanditchinga, ndiye ndinkachikweza mobera kuti ndione bwino pogunditsa rodi. M'mawa mwake ndinadzuka maso ali ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, kuwala kulikonse kukundibaya. Ndinagona chagada ndi zibenthu za mbatatesi pazikope, ndipo mumdima umenewo ndinakumbukira bambo. Ndinapempha mnzanga kuti andiimbire kumudzi. Bambo anati akupenya bwino, mankhwala amene ndinkatumizira ndalama akuthandiza. Esinati anavomereza, koma mawu ake anali ouma. Ndinawamva ndithu kuumako. Sindinafunse zambiri chifukwa ndinkaopa yankho limene likanandibweza ndisanaidziwe ntchito.

Maso anga anachira, mbaula inaima. Tinawotcherapo nyama Lamulungu, ine n'kujambula chithunzi kutumiza kwathu. Esinati anayankha kuti bambo aiona ndipo akuti ndi yabwino. Ndinakondwa ngati mwana.

Mageti ndinayambadi kupanga, ndalama n'kumatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo mumtima ndinkadziuza kuti mbali yanga ndikukwanitsa. Ndinabwerako patapita zaka, a Yusufu atatseka shedi chifukwa cha kudwala.

Nditatsika basi ndinalunjika kumsika. Phokoso la hamala linali lomwe lija, koma pampando wa bambo panali Esinati, atapana chidebe ndi mawondo, zala zili zipsera zokhazokha. Bambo anali kumbuyo kwake, akusisita milomo ya zidebe zomalizidwa kufufuza pakuthwa. Ndinawapatsa moni, iwo n'kutambasulira dzanja kumbali kumene ine kunalibe.

Esinati anandifotokozera tili patali pang'ono. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala, ndi nthenda yoti ikawononga maso sabwereranso. Pamene chithunzi changa chinkafika n'kuti atasiyiratu kuona, moti iye anachita kuwafotokozera pakamwa mmene mbaulayo inalili. Bambo ndiwo analetsa zondiuza, amati mwana asasokonezeke ali kwa eni. Zosokasoka Esinati anasiyira panjira kuti malo a pamsika asalandidwe. Mnyamata amene ankafuna kumukwatira anadikira, n'kutopa.

Ine ndinalankhula za chimene ndimadziwa. Ndinauza Esinati kuti ndibwereka makina ndimupangire mbaula yabwino kuposa ya ku Joni, azigulitsa kanyenya, asiye kudzicheka ndi malata.

"Achimwene, ine ndikamakatembenuza nyama, bambo aziwaperekeza kuchimbudzi ndani? Mbaula ndiifuna, koma lero mungopita nawo kunyumba inuyo. Ndikufuna ndiyendeko ndekha, ngakhale kungozungulira msika."

Ndinawagwira bambo pamkono molimba n'kuyamba kuwakoka, ndipo tisanapite patali anapunthwa. Mayi wina wogulitsa tomato anandidzudzula kuti osaona sagwidwa choncho, iwo ndiwo amagwira phewa la woyenda patsogolo. Tinayenda motero. Wogulitsa nsapato anasuntha katundu wake tisanafike, wakabaza anaima kutipatsa njira, ndipo aliyense ankawatchula dzina, a Mbewe, kuti adziwe pamene afika. Msewu wonse unkadziwa kuyenda ndi bambo anga, kupatula ine.

Titayandikira pamphambano, anandifinya phewa.

"Ima kaye, mwana wanga. Apa anakumba ngalande iwe kulibe. Tidutsire kumanzere."