Anandiletsa Kuthira Mchere M'nyumba Mwanga

Ndinayamba ntchito yochapa ndi kusita pachipatala cha pamgodi ku Bindura mwana wanga wachitatu asanayambe n'kukwawa komwe. Bambo ake ankagwira pansi mumgodi, koma malipiro awo ankadzera kubawa, ndiye ndalamazo zinkafika kunyumba zitawonda. Ntchito yanga ndinkaikonda, sindibisa. Chondisautsa chinali kusowa womusiyira khandalo, poti akulu ake awiri ankakhala ali kusukulu.

Ndiye kunabwera alamu anga, mlongo wa amuna anga, kuchokera kufamu ya malalanje ku Mazowe, amuna awo atamwalira. Ndinawalandira ndi manja awiri. M'mawa ndinkayamwitsa mwana, n'kuwasiyira mkaka wa m'chitini, chiponde ndi ufa wa phala, ine liwiro kuntchito.

Mwana anayamba kufota. Tsitsi linafiira, masaya ndi mapazi n'kutupa. Tsiku lina poweruka ndinapeza amayi a m'komboni ataunjikana pampopi, alamu ali pakati, atatukula mwana wanga m'mwamba ngati nkhuku yamalonda.

"Tarisai, anzanga, onani nokha!" ankatero alamuwo. "Ili ndi tsempho, hapana zvimwe, palibenso china. Mai ake amachoka m'mawa atadzola mafuta, ati kubasa, kuntchito. Basa lanji la pakati pa amuna?"

Kwathu amati kholo likayenda ndi wina kumbali, dzanja lake limakhala lotentha, ndipo likathira mchere m'ndiwo, mwana amatupa. Ndilo tsempho. Palibe anafunsa kumene bambo a mwanayo ankachedwa Loweruka lililonse. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinkavala yunifolomu.

Madzulo ake amuna anga anagamula mlandu osandifunsa. "Mai a ana, kuyambira lero mchere azithira achemwali. Mwezi ukatha musiye ntchito. Mukakana, mwana apita nawo kufamu."

Kutacha ndinamubereka mwanayo mpaka kuntchito, ndinamugoneka m'dengu la nsalu pansi pa tebulo lositira. Asisita a kuwodi ya ana anamva kulira. Ndinati basi, ntchito yatha. Koma iwo anangodinikiza chala paphazi la mwana, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Amai, mwana uyu ane nzara," anatero. "Ndi njala iyi. Masana amadya chiyani?"

Anamugoneka m'chipatala pomwepo. Masana ndinathamangira kunyumba kukatenga matewera, nthawi imene sindinkapezekako. Ndinapeza alamu pakhonde ndi anzawo a pampopi aja, akumwa tiyi woyera mbee ndi mkaka wa mwana wanga, chiponde chili chopaka pabuledi mokhuthala ngati dothi lozira. Mmodzi anayesa kubisa chitini m'chitenje.

Sindinalalate. Ndinatenga matewera n'kubwerera. Poweruka ndinagula loko, ndinasonkhanitsa zonse za m'khitchini m'bokosi lathabwa, n'kukhoma iwo akuona.

"Alamu, munanena zoona, dzanja langali ndi lotentha," ndinawauza mwaulemu, nditagwada. "Ndiye ufa, mafuta, shuga ndi sopo zogulidwa ndi dzanja limeneli n'zotenthanso. Musazikhudze, mungatupe. Muzidya za achimwene anu."

Masiku oyamba anadya nyama, akundiyang'ana cham'mbali. Pofika pakati pa mwezi, mlongo ndi mlongo wake anali pa chisoso chothyola kuseri kwa komboni, chopanda ngakhale dontho la mafuta. Mchere ankathira okha, monga anafunira. Ine ndinkakazinga kapenta ndi tomato ndi anyezi, chitseko chili chotsegula, n'kudya ndi ana anga pang'onopang'ono. Zinkandikoma kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandikomabe.

Amuna anga anayamba ndi ukali, kenako anafewa. Za kusiya ntchito sanazitchulenso.

"Mai a ana, ndapota, chonde, ndi mlongo wanga ameneyu. Tsegulani bokosi."

"Nditsegula," ndinayankha. "Koma ayambe apita pampopi pomwe paja, akanene pamaso pa amayi onse kuti mwana anadwala njala, ndiponso amene anamwa mkaka wake."

Alamu anakana. Anati kuli bwino abwerere kukathyola malalanje kusiyana n'kugwadira mkazi wapantchito. Ndinawathandiza kumanga katundu.

Mwana anatuluka m'chipatala kutupa kutaphwa, ndipo asisita aja analola kuti ndizibwera naye, azigona pakona ya chipinda chositira. Tsiku lonyamuka alamu, amayi a kutchalitchi anandinyengerera kuti ndiwaperekeze kubasi, ati mkwiyo suyenera kugona m'nyumba ya Mkhristu. Ndinapita, mwana ali kumsana, nditavala yunifolomu yanga yosita bwino.

Basi itaima, alamu anatambasula manja, misozi ili mbwembwembwe. "Muroora, mlamu wanga, ndipatseniko mwana wa achimwene ndimutsanzike."

Anthu onse anali kundiyang'ana. Ndinamangitsa mbereko, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Munamunyamula kale pampopi," ndinatero.

Anakwera basi manja ali lende. Sanamugwirenso mwana ameneyo mpaka tsiku la imfa yawo.