Kaseti ya tsiku losamukira ku Embakasi

Amalume, lero m'minibasi, zimene kuno amati matatu, munalira nyimbo ya gulu lakale loimba chamba cha soul lomwe munkalikonda lija, ndipo ndinangoweramitsa mutu. Ndinakumbukira tsiku lomwe tinasamuka ku Parklands kupita ku Embakasi, ntchito yanu ya kubungwe itatha. Katundu akadali m'makatoni, inu munayamba mwatulutsa wailesi n'kuikamo kaseti ya chimbale chawo chatsopano. Munandionetsa kuseri kwa chikuto kuti kampani yaikulu yojambula nyimbo inawataya, tsopano anali ku kakampani kosadziwika. "Akuti akalamba, koma tamvera mawuwo," munatero, n'kukweza voliyumu mpaka aneba anasuzumira pazenera. Munawapatsa moni m'Chiswahili chanu chothyokathyoka, n'kuwauza osabisa kuti ntchito yatha.

Yangatu inatha mwezi wathawu, Amalume. M'mawa uliwonse ndimamangabe tayi n'kukangokhala m'tauni kuti ana ndi anzathu a kutchalitchi asadziwe. Inu munaimba mokweza pakati pa makatoni, ine ngakhale mayi a kunyumba ndikuwabisira. Ndikulakalaka mukanakhalapo kuti mundikalipire. Pumulani inu mumtendere. Ine ndikupita kunyumba kukavula tayiyi pamaso pawo.