Kathumba ka Kamera ya Atsibweni

Inu adzukulu anga a ku Limbe, ndi inu ana a mng'ono wanga amene mudatsala kuno ku Nsanje, ndakulemberani izi chifukwa cha kathumba kachikopa kamene mudakapeza m'sutikesi mwanga, kodzaza singano ndi mabatani. Mudaseka kuti agogo amasunga zinyalala. Kathumbako kadali ka kamera ya atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Muyenera kumva mbiri yake, popeza inu mumayenda ndi kamera m'manja tsiku lonse, ndipo chimene mwajambula m'mawa, pofika masana chili kale m'maso mwa anthu osawadziwa.

Ndidali msungwana wa Sitandade 4 pasukulu ya mishoni. Idali nyengo yogulitsa thonje, pamene ulusi wake umakodwa paminga iliyonse ya m'njira, ndipo mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisadafike pamutu. Atsibweni adali telala pakhonde la sitolo, pafupi ndi njanji. Kamerayo adabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anthu adawapempha kuti azijambula maukwati, koma iwo adakana. Mtima wawo udali pa sitima za katundu basi.

Akamva kulira kwake chapatali, ankasiya makina osokera ulusi uli lende, n'kundikodola. Tinkathamangira pachulu choyang'anana ndi mlatho wa njanji. Adandiphunzitsa kugunditsa chikhatho panjanji kuti ndimve kunjenjemera kwake sitima isadaoneke. Kenaka inkatulukira, nthaka n'kuyamba kugwedezeka m'mawondo mwanga, fungo la dizilo ndi la phula n'kutiphimba. Iwo ankajambula, ine ndinkawerenga mabogi mokweza: a thonje, a shuga, ndi obulungira aja onyamula mafuta ochokera kunyanja yamchere. Filimu ankaipatsira mnzawo wopita ku Limbe kuti akaitsukitse. Zithunzi zikabwera, ankalemba kumbuyo kwake tsiku, ola, ndi chiwerengero cha mabogi a mtundu uliwonse, n'kuzibisa m'chitini pansi pa nsalu. "Izi n'za ife awiri, mwanawe," ankatero. Ine ndidamva ngati andipatsa theka la chumacho. Sindidamve kuti akunditseka pakamwa.

Lero ndimawaweruza pang'ono atsibweni, Mulungu andikhululukire. Adali munthu wamkulu, ndipo ankadziwa nthawi imene tinkakhalamo. Chipani chidali chimodzi, kutsidya kwa Shire kudali nkhondo, ndipo makolo athu adachokera kutsidya komweko. Munthu wotere akamajambula mlatho ndi kulemba maola a sitima ya mafuta, ndani akadavomera kuti n'chikondi chabe?

Tsiku lina mphunzitsi wathu, bambo wamtali wosakonda chikwapu, ankatiphunzitsa za kayendedwe ka katundu. Mwana wa wapampando wa chipani m'dera lathu adaimirira n'kunena kuti injini imodzi siingakoke mabogi opitirira khumi. Ndidamutsutsa. Iye adati, "Msungwana angadziwenji za sitima?" ndipo kalasi yonse idaseka. Mawa lake ndidalowa m'chitini muja mwakachetechete, n'kutenga chithunzi chokongola koposa, cha sitima ili pakati pa mlatho. Ndidayamba ndamuonetsa mnyamatayo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenaka ndidapita nacho kwa mphunzitsi mutu uli m'mwamba.

Adachiyang'ana. Adachitembenuza. Ndikukumbukira choko chitagwa m'dzanja lawo n'kuthyoka pawiri. Ndipo adakuwa ndi mawu amene sitidawamvepo: "Wadula m'buku la abambo ansembe, wakuba iwe! Kuno kulibe munthu wojambula zotere!" Ndidati ndiyankhe kuti n'cha atsibweni, koma mawuwo asadatuluke chikwapu chidatera pachikhatho. Ndikatsegula pakamwa, chinanso. Adandikwapula mpaka ndidasiya kuyesa kulankhula. Chithunzicho adachikhadzulakhadzula, koma zidutswa zake sadazitaye pansi. Adaziika m'thumba la malaya awo.

Masana a tsiku lomwelo ndidawaona akutsika panjinga pakhonde la sitolo, atanyamula buluku losang'ambika paliponse. Adakhala ndi atsibweni kanthawi, mitu ili pafupi, ngati akusankha ulusi. Ine ndidaima kuseri kwa mtengo wa msawu ndi manja otupa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti akundinenera za kuba.

Atsibweni sadandikalipire. Adandigwira pamutu n'kufunsa kuti, "Adali mabogi angati pachithunzipo?" Ndidati makumi awiri ndi atatu. Adati, "Udawerenga bwino." M'mawa mwake adatsikira kudooko ndi asodzi, atanyamula kamtolo ka zovala, n'kukwera bwato, limene kwathu timati mwadiya. Amayi adatsatira ndi mtsuko pamutu, kamera ili m'kati mwake, ndipo adabwerako ndi madzi okha. Zithunzi zonse adazitentha kuseri kwa nkhokwe. Utsi wake udali wowawa kukhosi, ndipo ndidaona injini ina ikupindika m'moto ngati tsamba louma. Kathumba kokha ndiko kadawakanika kutaya. Adakathira singano.

Patapita masiku awiri kunyumba kudabwera anyamata a chipani a malaya ofiira, wapampando ali patsogolo. Adagwetsa nsalu zonse, adabaya denga ndi ndodo, n'kutola kathumbako. Amayi adagwada nati, "N'ka singano, bambo. Mchimwene wanga ndi telala, wapita kumaliro." Adakakhuthula pansi, n'kuchoka akutukwana. Amayi adatola singanozo imodziimodzi m'fumbi.

Nyengo yonseyo ndidapitabe pachulu ndekha. Ndinkawerenga mabogi ndi kusunga ziwerengerozo m'mutu kuti ndidzawauze atsibweni akadzabwera kuchokera kumaliroko. Thonje lidatha, mvula idagwa. Uthenga udabwera kamodzi kudzera mwa msodzi, woti adafika ndipo akusoka. Wachiwiri sudabwere. Munthu amene adajambula sitima zosawerengeka sadatisiyire chithunzi cha nkhope yake, ndipo lero ndikafuna kuwakumbukira ndimangoona msana wawo uli wowerama pakamera.

Aphunzitsi aja ndidaleka kuwapatsa moni. Ndikakumana nawo m'njira ndinkapatukira kuthengo, amayi n'kumanditsina osandiuza chifukwa. Chaka chotsatira adawasamutsa, ndipo ndidakondwa. Ndidali mayi wa ana atatu pamene amayi, ali pamphasa yawo yomaliza, adandifotokozera: mwana wa wapampando uja adali ataona kale zolembedwazo, ndipo chimene chidawatsalira aphunzitsi chidali kunditseka pakamwa dzina la wojambula lisadatchulidwe pagulu, kuti atsibweni apeze tsiku limodzi loti awoloke. Bamboyo adaika ntchito yake ndi moyo wake pachiswe chifukwa cha telala amene sadali mbale wake. Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndidangomva kuwawa kwa khutulo. Ndidawafunafuna kuti ndikawagwadire, ndipo ndidapeza atagona kale.

Ndiye mverani, ana inu. Chinthu cha mwini, chithunzi kapena mawu, musachionetse pagulu pofuna kupambana mkangano. Yambani mwafunsa mwiniwake. Ndipo kathumbako, ine ndikapita, musakataye.