Tayala limene a Chipewa sanagule

Chaka cha 2012, mvula ili mkati, galimoto ya kwa Mayi Hedi inayamba kulira kumimba. Inali galimoto yaitali, yokoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, imene amuna awo anagula atapuma ntchito yoyeza malo. Amuna awowo aliyense ankawatchula kuti Bwana. Woiyendetsa anali a Chipewa.

Dzinalo analipata chifukwa cha chipewa chansalu chotuwa chimene ankachivula pokhapokha akamalankhula ndi Bwana. Anayamba ntchito pakhomopo Lolemba pa 7 Malichi 1994, ana a m'nyumbamo adakali ku pulayimale ndipo mayiwo akuyendetsabe sukulu monga mphunzitsi wamkulu. Anawatula anawo kusukulu, kenako ku koleji, kenako ku maukwati awo. M'zaka 18 sanakhudzepo ngakhale geti. M'mawa uliwonse ankazungulira galimoto atanyamula kansalu ndi msomali, akutokosa timiyala m'mizere ya matayala. Anali munthu wosachuluka mawu. Ukadandaula kuti tachedwa, ankangoti, "Tifika, mayi," liwiro lili lomwe lija.

Madokotala anali atawaletsa Mayi Hedi kuyendetsa chifukwa cha ng'ala ya m'diso lakumanzere, ndipo Bwana anawalanda kiyi. Kiyi wachiwiri anali m'chitini cha mabatani. Lamlungu pa 15 Januwale, Bwana ali kwa mwana wawo wamkulu ndipo a Chipewa akupuma kwawo, mayiwo anatulutsa galimoto kukatenga makatani kwa telala. Makatani basi. Pobwerera anakhula mkombero wa ngalande, tayala lakumbuyo kumanzere n'kung'ambika m'mbali. Sipeya anali womangidwa ndi loko, kiyi wake ali m'thumba mwa Bwana. Wogulitsa matayala wa m'mbali mwa msewu analibe lofanana ndi lowonongekalo.

"Ili ndi m'bale wake, mayi," anatero akugudubuza lina. "Kusiyana kwake ndi chala chimodzi. Ngakhale amene anapanga galimotoyi sangaone."

A Chipewa anaona m'mawa mwake. Mayi Hedi anali pawindo la kukhitchini pamene iwo anafika pa tayalalo ndi msomali wawo. Anagwada, anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kupita pa tayala lina. Mayi anabwerera ku ketulo yawo.

Patatha milungu iwiri kulira kunayamba. Ikayenda mtunda wautali pa phula, galimoto inkang'ung'udza pansi pa mipando, pokhota inkanjenjemera, ndipo ikaima pankamveka fungo la oyilo wopsa. Pa msewu wafumbi inkakhala chete. Ikafika ku galaja inkakhalanso chete.

"Galimoto yanuyi ndi yamanyazi, bwana," anatero makanika woyamba pa 6 Febuluwale, ataikweza m'mwamba n'kuzungulitsa mawilo. "Ikaona anthu imachira."

Anasintha oyilo wa giyabokosi. Wachiwiri anati ndi shafuti yaitali yopita kumbuyo, anaichotsa n'kuikonza. Wachitatu, pa 19 Epulo, anamasula difu yakutsogolo, magiya a pakati pa mawilo, n'kuikamo mabelingi atsopano. Nthawi iliyonse galimoto inkabwerera kunyumba ili phee, ndipo pomatha sabata inali itayambiranso.

Bwana, munthu amene anakhala moyo wake wonse akuyeza zinthu, sankapirira vuto lopanda mwini. Anayamba kukhala mpando wakutsogolo n'kumayang'ana mapazi a dalaivala wawo.

"Phazi lanu likugona pa kilachi, a Chipewa. Mwakalamba kapena?"

"Lili pansi, bwana."

"Ndiye ikulira yokha? Zitsulo sizilira maliro."

Mayi Hedi ankamva zonsezi ali mpando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa tayala lija. Ankadziuza kuti labala singalize chitsulo. Komabe polowa m'galimoto anayamba kudzera khomo lakumanja, ndipo a Chipewa akabwera kudzamwa tiyi pakhonde, ankawaikira shuga masupuni atatu m'malo mwa awiri.

Lachisanu pa 8 Juni anapita kwa makanika wachikulire wotchedwa a Khutu, amene ankamvera injini atagunditsa sikuludilaiva kukhutu. Mayi anali nawo chifukwa pochoka apo ankapita kuchipatala cha maso. A Khutu anamvetsera nkhani yonse ali chikhalire pa chigubu. Sanatsegule boneti. Anangotulutsa choko m'thumba, n'kulemba kamzere pansi pa tayala lililonse, pamene likukhudza simenti.

"Tiyeni nayo molunjika, achimwene, pang'onopang'ono. Ndikati imani muime."

Anawerenga maulendo khumi a tayala lakutsogolo. Galimoto itaima, timizere titatu tinali pansi. Kachinayi kanali m'mbali, kasanafike.

"Nali tsoka lanu," anatero a Khutu akulimenya ndi phazi. "Ili ndi lalitali kuposa anzake. Atatu akuthamanga, limodzi likuyenda, ndiye kabokosi kogawa mphamvu pakatipa kakhala kakuwayanjanitsa mpaka kupsa. Mukaikweza m'mwamba simungaone, mawilo sakhala akukangana ndi msewu. Anakuikirani ndani?"

Bwana anagwada, anawerenga manambala a m'mbali mwa tayalalo, kenako a linzake. Anadzuka pang'onopang'ono. Amakanika ena anali ataleka ntchito, ndipo madalaivala awiri a m'nyumba zina, amene ankadikira galimoto za mabwana awo, anasendera pafupi.

"Matayala anayi ndinagula ndekha tsiku limodzi," anatero Bwana. "Langa lija mwagulitsa kuti, a Chipewa?"

A Chipewa anavula chipewa. Anayang'ana Mayi Hedi kamodzi, mwachidule, ngati mmene amayang'anira pagalasi asanakhote.

"Tayala ili sindinagule ine, bwana. Zina sindinena."

"Zaka 18 ndakhala ndikudyetsa wakuba! Mwezi uno ukatha mundipatse kiyi."

Mayi Hedi anatsegula pakamwa. Anaona amakanika aja, anaona khosi la amuna awo litatupa mitsempha, ndipo chimene chinatuluka chinali choti, "Bambo, tichedwa kwa dokotala."

Mayi Hedi anasunga chinsinsicho masiku 18. M'mawa uliwonse ankaona pawindo a Chipewa akuzungulira galimoto monga kale, ngakhale inali itayimikidwa kudikira kabokosi katsopano. Lachiwiri pa 26 Juni, pa chakudya cham'mawa, anaika kiyi wachiwiri uja pambali pa kapu ya Bwana n'kunena zonse: telala, ngalande, wogulitsa matayala. Bwana sanakalipe. Anasiya tiyi wawo n'kutuluka kukapeza a Chipewa pakhonde.

"A Chipewa, za mwezi uno zija tiiwale. Panali kusamvana. Mupitirize ntchito."

"Zikomo, bwana. Koma mawu aja sanatulukire pakhonde pano. Anatulukira ku galaja. Afika kale kwa apongozi anga."

Bwana anati munthu wa msinkhu wawo sangapite kukadzitsutsa pamaso pa anthu amafuta m'manja. Choncho masana omwewo Mayi Hedi anakwera basi okha, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, n'kukaima pakati pa galaja ya a Khutu atagwira chikwama ndi manja awiri. Ananena mokweza, monga ankalankhulira pa mzere wa ana asukulu, kuti tayala lija anagula ndi iwo ndipo a Chipewa sanabe kanthu.

Amakanika anamvetsera mwaulemu. Kenako mmodzi anaseka ali kunsi kwa lole.

"Muli ndi mtima wabwino, amayi. Inu ndi maso amenewo kuyendetsa chigalimoto chija? Dalaivala wanuyo ali ndi mwayi, mabwana ena samubisa wantchito chonchi."

Mayi Hedi anabwerezanso, anatchula tsiku ndi malo, koma a Khutu okha ndi amene anagwedeza mutu, ndipo sanadziwe ngati akhulupirira kapena akungowamvera chisoni.

Mayi atawauza a Chipewa zimenezi, iwo anati, "Mwayesetsa, mayi." Mayi anafunsa chifukwa chimene sanawaululire tsiku lija. Anayankha kuti zimenezo sizinali zawo zonena, n'kufunsa ngati kuchipatala cha maso apeza wina wowaperekeza mwezi wamawa.

Pa tsiku lawo lomaliza a Chipewa anatsuka galimoto, anaika msomali wawo pawindo la galaja ya pakhomo, anapereka kiyi kwa Bwana ndi manja awiri. Anachoka Loweruka pa 30 Juni 2012, nthawi ili 10 koloko m'mawa.